Ndege ya pa Ulongwe ndi maliro amene akazembe sanawerenge

Mukayala mapu n'kukoka ulusi kuchokera pa bwalo la ndege la Chileka kukafika pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, ulusiwo sukhala m'Malawi mokhamokha. Ukafika chakumadzulo kwa Ntcheu umalowa m'dziko la eni, m'boma la Angonia ku Mozambique, n'kudzatulukira cha ku Dedza. Pakatikati pa ulendowo pali tauni ya Ulongwe, osati ya ku Balaka ija, koma imene Apwitikizi ankaitcha Vila Coutinho. Pa 6 Novembala 1987, kandege ka Air Malawi ka mtundu wa Skyvan, kochokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe, kanawomberedwa pafupi ndi tauni imeneyi. Anthu onse 10 amene anali m'menemo anafa, okwera 8 ndi ogwira ntchito 2.

Boma la Malawi linaloza chala asilikali a boma la Mozambique. Ku Maputo anati ndegeyo inalowa m'mlengalenga mwawo, m'dera la nkhondo. Mawu anawawa kwa masiku angapo, koma malire sanatsekedwe, ubale sunathe, ndipo chaka chotsatira pulezidenti Joaquim Chissano anabwera kudzacheza ku Malawi monga mlendo wa boma. Kuti timvetse chimene chinaziziritsa mkwiyowo msanga chotere, tiyambire patali.

Malire a Ntcheu ndi Angonia anawalemba ndi Angerezi ndi Apwitikizi m'pangano la 1891, motsatira mtunda umene umagawa madzi, ena kutsikira ku nyanja ndi ku Shire, ena ku Zambezi. Mzerewo unadula pakati dziko la Angoni a Maseko. Phiri la Domwe, kumene kunali mudzi wa Chikuse, linatsalira kwa Apwitikizi, pamene ufumu wa Gomani unakhazikika ku Lizulu. Mpaka lero msewu wa M1 m'malo ena ndiwo malire: pa msika wa Lizulu munthu amagula kabichi m'Malawi, kuwoloka tala n'kukagula kachewere ku Mozambique, wogulitsa n'kukhala msuweni wake. Inkosi Gomani II, Atsamunda atamuvula ufumu mu 1953 chifukwa chokana Chitaganya, anathawira tsidya lomwelo pamodzi ndi m'busa Michael Scott, koma Apwitikizi anawabweza. Choncho nkhondo ikabuka ku Angonia, ku Ntcheu sakhala akumva za kwa eni. Maliro ake amawakhudza m'nyumba.

Nthawi yoyamba imene dziko lapansi linakangana pa za anthu wamba ophedwa m'chigawo cha Tete, mmene muli Angonia, inali ya nkhondo ya Frelimo ndi Apwitikizi. Pa 16 Disembala 1972 ndege zinayamba zaponya mabomba m'midzi ya ku Wiriyamu, kum'mwera kwa mzinda wa Tete, kenaka helikopita zinatsitsa asilikali amene anamaliza otsala ndi mfuti, mipeni ndi moto. Anafa anthu pafupifupi 400. Ansembe a Chikatolika analemba mayina a akufa mobisa, ndipo wansembe wa ku England, Adrian Hastings, anatulutsa nkhaniyo m'nyuzipepala ya The Times pa 10 Julaye 1973, kutatsala masiku ochepa kuti nduna yaikulu ya Portugal, Marcelo Caetano, ifike ku London. Yankho la Lisbon linali lachipongwe: anati mudzi wa dzina limenelo kulibe pa mapu awo. Koma mayina anali atalembedwa kale. Bungwe la United Nations linakhazikitsa komiti yofufuza, imene mu 1974 inatsimikiza kuti anthu anaphedwadi.

Malawi panthawiyo anali pa ubwenzi ndi Portugal. Dr Kamuzu Banda anali atatsegula ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, njanji ya ku Nacala inatsegulidwa mu 1970, ndipo woimira Malawi ku Beira anali Jorge Jardim, mwini chuma wa Chipwitikizi yemwe ankadziwana ndi akuluakulu a ku Lisbon. Dziko lopanda doko limalankhula likuyang'ana njanji. Khalidwe limeneli lidzaonekanso kutsogoloku.

Mozambique atalandira ufulu mu 1975, ndege zoponya mabomba zinayamba kuchokera kwa anansi. Boma la Ian Smith ku Rhodesia linkalondola omenyera ufulu a Zimbabwe m'misasa yawo, ndipo ku Chimoio mu Novembala 1977 ndege ndi asilikali ake anapha anthu ochuluka zedi, pakati pawo amayi ndi ana. Miyezi yochepa izi zisanachitike, Security Council ya United Nations inali itadzudzula kale Rhodesia m'chigamulo nambala 411. Chaka chomwecho ku Geneva mayiko anawonjezera pa malamulo a nkhondo gawo loteteza anthu wamba ngakhale pa nkhondo yapachiweniweni. Mapepalawo anali abwino ndithu. Koma 1977 ndi chakanso chimene Renamo, yoleredwa ndi akazitape a Rhodesia, inayamba kutentha midzi.

Chitsanzo cha Matola chikuonetsa mmene mkangano wotere umayendera. Pa 23 Meyi 1983 ndege za South Africa zinawombera dera limeneli, kufupi ndi Maputo, pobwezera bomba limene ANC inaphulitsa ku Pretoria. A ku Pretoria analengeza kuti apha zigawenga makumimakumi. Boma la Samora Machel linati afa anthu 6, ena mwa iwo ogwira ntchito pa fakitale yopanga jamu, ndipo linatenga atolankhani kukawaonetsa pamalopo. Wophayo amati anapha asilikali, wophedwerayo amati munapha amayi, ndiye zimatengera amene ali ndi mtembo ndi kamera. Matola ali pakhomo pa likulu, pamene akazembe amafika pa galimoto dzuwa lisanapendeke. Komabe miyezi khumi isanakwane, mu Malichi 1984, Machel ndi P. W. Botha anasainirana pangano la Nkomati, poti chuma cha Mozambique chinali chitagwada.

Kumidzi ya ku Tete, Zambezia ndi Sofala nkhani inali ina. Renamo inalibe ndege. Ndege za nkhondo ndi helikopita zinali za boma la Frelimo ndi za Zimbabwe, imene inalowa nkhondoyi poteteza njanji ndi mapaipi a mafuta a ku Beira. Mu Ogasiti 1985 magulu awiriwa anagwetsa likulu la Renamo ku Gorongosa, lotchedwa Casa Banana, ndege zili patsogolo. Vuto linali lakuti msasa wa Matsanga, monga anthu ankawatchulira a Renamo, sunkakhala ndi asilikali okhaokha. Mozungulira munkakhala anthu ogwidwa m'midzi, olimitsidwa minda ndi osenzetsedwa katundu maulendo ataliatali. Bomba likagwa pamalo otere, chikalata cha boma chinkawerenga onse kuti ndi zigawenga. Panalibe wansembe wolemba mayina ngati ku Wiriyamu, panalibe kazembe wofika ngati ku Matola. Mayiko a azungu amene akanadandaula anali akuyesetsa kukokera Frelimo kwa iwo kuti isiyane ndi Soviet Union, ndipo nkhanza za Renamo zinali zoopsa kotero kuti wodzudzula ndege za boma ankaoneka ngati akuikira kumbuyo odula anthu makutu.

Malawi ndiye sakanatsegula n'komwe pakamwa, chifukwa iye mwini anali pa mlandu. Anansi ankati Matsanga amadutsa m'dziko muno mwaufulu, mothandizidwa ndi South Africa. Boma linkakana. Pa 11 Seputembala 1986 Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anatera ku Blantyre kudzamuuza Kamuzu maso ndi maso. Atabwerera kwawo, Machel ananena poyera kuti angathe kutseka malire ndi kutchera mizinga yoloza ku Malawi. Kwa munthu wa ku Tsangano, Biriwiri kapena Mlangeni, mzinga wotere ukanakhala kuseri kwa dimba lake. M'masabata otsatira Renamo inalanda matauni a m'malire monga Mutarara ndi Milange, ndipo anthu anayamba kukhamukira kuno ndi mitolo pamutu.

Pa 19 Okutobala 1986 ndege ya Machel inagwa pa Mbuzini, m'dziko la South Africa, akuchokera ku msonkhano ku Zambia. Ku Harare achinyamata anaphwanya maofesi a Malawi, ku Maputo nawo anaukira nyumba ya kazembe wathu. Nduna ya zakunja ya South Africa, Pik Botha, inaonetsa atolankhani mapepala amene inati anatoledwa pamalo a ngoziyo, onena kuti Mozambique ndi Zimbabwe ankakonza zogwetsa boma la Banda. A ku Maputo anakana. Malawi ndi Mozambique sanayandikirepo nkhondo ngati m'masabata amenewo.

Zinthu zinatembenuka mwamsanga. Chissano, amene analowa m'malo mwa malemu Machel atakhala nduna ya zakunja kwa zaka zambiri, ankadziwa kuti sangamenye Renamo ndi Malawi nthawi imodzi. Kamuzu nayenso anali pampanipani: njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala zonse zinali zitafa, fodya ndi tiyi zinkazungulira mpaka ku Durban, feteleza ndi mafuta n'kumabwera njira yomweyo pa mtengo woboola m'thumba, magalimoto akudutsa msewu wa Zobue ndi Tete pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe. Mu Disembala 1986 maboma awiriwa anasainirana pangano la chitetezo, ndipo mu 1987 asilikali a Malawi anapita kukalondera njanji ya ku Nacala, kumene ena anatsikira kuli chete ataphedwa ndi Renamo yomweyo.

Apa ndi pamene kandege ka pa Ulongwe kanagwera. Zaka zinayi m'mbuyomo, Soviet Union itagwetsa ndege ya Korean Air Lines ndi anthu 269, mayiko anakangana mpaka ku Security Council, ndipo mu 1984 bungwe loona za maulendo a pandege la ICAO linalemba lamulo loletsa kuwombera ndege za anthu wamba. Malawi anali ndi poyambira akanafuna kukokera nkhaniyi kutali. Sanatero, ndipo chifukwa chake sichovuta kuchiona: asilikali ake anali pa njanji imodzi ndi asilikali a dziko limene linawombera ndegeyo. Ine ndimaona kuti boma linachita mwanzeru kusakuza moto. Chondiwawa n'chakuti anthu 10 aja, pokhala anali ndi matikiti ndi mayina pa mndandanda wa kampani, anapeza boma lowadandaulira, pamene anansi awo a pansi, amene ankathawa kulira kwa helikopita m'mapiri omwewo, analibe ndi mmodzi yemwe wowalembera kalata.

Amene anawalandira ndi anthu a m'midzi. Kuchigwa cha Shire othawa nkhondo ambiri anaikidwa m'misasa ikuluikulu ngati Mankhokwe ku Nsanje, kumene Margaret Thatcher anakaona mu 1989. Ku Ntcheu ndi ku Dedza ambiri anangolowa m'midzi. Munthu ankafika madzulo kwa amalume ake kapena kwa mlamu, m'mawa a nyakwawa n'kumulozera poti amange kanyumba. Chinenero chimodzi, ziwongo zimodzi, ngoma yovina imodzi. Tsiku logawa ufa, nandolo ndi mafuta mzere unkakhala wautali, khadi lili m'manja, ndipo gawo lina la chakudyacho linkathera pa msika posinthanitsa ndi sopo kapena ndiwo. Ena ankalowanso kwawo mozemba kukakumba mbatata m'minda yawo yakale, podziwa kuti akhoza kuponda bomba lokwirira kapena kukumana ndi Matsanga. Mitengo ya m'mapiri a m'malire inapita ku milimo ndi nkhuni. Pofika 1992 othawa nkhondo m'Malawi anali pafupifupi 1 miliyoni, m'dziko la anthu osakwana 10 miliyoni.

Kuchuluka kumeneku kunakakamiza boma kuchita zimene linkazengereza. Malawi analowa m'pangano la United Nations la othawa kwawo kumapeto kwa 1987, lamulo lake la Refugee Act linabwera mu 1989, ndipo bungwe la UNHCR linayamba kugwira ntchito poyera. M'misasa ndi m'midzi yotere ndimonso munachokera umboni umene unasintha maganizo a boma la America. Robert Gersony, wotumidwa ndi unduna wa zakunja wa dzikolo, anacheza ndi othawa nkhondo pafupifupi 200 m'mayiko angapo kuphatikizapo Malawi, ndipo lipoti lake la mu Epulo 1988 linati Renamo iyenera kuti inapha anthu wamba osachepera 100,000. Andale a ku Washington amene ankafuna kuti Renamo ithandizidwe anasowa chonena. Zolakwa za asilikali a boma zinatenga malo ochepa m'lipotilo. Zinadzalembedwa mokulirapo mu 1992 ndi bungwe la Africa Watch, nkhondo ili kumapeto.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ndi Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo, Afonso Dhlakama, mothandizidwa ndi gulu la Chikatolika la Sant'Egidio. Nyumba ya malamulo ku Maputo inakhululukira mbali zonse milandu ya m'nkhondo. Sipanakhale komiti yofufuza zoona ngati ya ku South Africa, choncho funso lakuti ndani anafa ndi bomba la ndani linakwiriridwa pamodzi ndi eni ake. Anthu a ku Angonia sanadikire magalimoto a UNHCR, ambiri anangowoloka msewu n'kukayamba kusosa.

Mkangano wa mayina unabweranso mu 2015 ndi 2016, Renamo ndi boma atayambananso ku Tete. Anthu oposa 10,000 anathawira pa Kapise ku Mwanza, akunena kuti asilikali a boma akuwatenthera nyumba ndi nkhokwe. Akuluakulu ena a ku Mozambique anati amenewo si othawa nkhondo, ndi anthu ongoyendayenda m'malire monga mwa masiku onse. Lilongwe sinakweze mawu. Inatsegulanso msasa wakale wa Luwani ku Neno n'kuwasamutsira kumeneko, sitima za malasha a ku Moatize zikudutsa m'dziko muno kupita ku Nacala pa njanji yatsopano.

Za Wiriyamu zokha ndi zimene zinafika pa kupepesa. Mu Seputembala 2022 nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, ali ku Maputo pamaso pa pulezidenti Filipe Nyusi, anavomera kuti zimene zinachitika m'midzi ija n'zosakhululukika ndipo zimanyozetsa mbiri ya dziko lake. Panali patapita zaka pafupifupi 50.