Galimoto ya Waya Pamaso pa Oweruza

Dzuwa likapendeka, m'misewu yamchenga ya ku Mpondasi, ku Makawa ngakhale ku Chembe mumamveka zitini zikugudubuzika. Amakhala ali anyamata ndi galimoto zawo za waya, chiwongolero chili m'chiuno, injini ikulirira pakamwa. Sapita patali asanayambe kukangana. Uyu akuti ya mnzakeyo si minibasi ayi, ndi bokosi chabe. Winayo akufunsa kuti galimoto yanji yosakhota. Kenaka pamatuluka mawu amene amathetsa chinzake tsiku lonse: “Sunapange wekha iwe, anakupangira achimwene ako.”

Mikangano imeneyi si yachibwana. Ndi yomweyo imene akuluakulu a ndevu zawo amalimbana nayo ku Ulaya ndi ku America, kumene kupanga tigalimoto tofanizira zenizeni kuli ndi mabungwe, malamulo ndi zikho zake. Bungwe la International Plastic Modellers' Society, kapena kuti IPMS, linayamba ku Britain mu 1963, ndipo mwezi wa November limachititsa chionetsero chachikulu mumzinda wa Telford. Pa zaka zonsezi oweruza ake apeza mawu ndi njira zothetsera mikangano yotere. Zina mwa njirazo zingatithandize, zina ayi. Ine ndimakhulupirira kuti luso la ana a kunyanja kuno liyenera kukhala ndi mpikisano weniweni, komanso ndimaopa mpikisano woweruzidwa mokhota, chifukwa mwana amene waberedwa kamodzi sabweranso.

Mawu oyamba amene woweruza ayenera kuwadziwa ndi sikelo. Akalemba kuti 1:24, ndiye kuti chilichonse pa kagalimotoko n'chochepetsedwa ka 24 poyerekeza ndi galimoto yeniyeni. Minibasi ya Toyota Hiace imene imathamanga pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay ndi yotalika pafupifupi mamita 4.7, choncho pa sikelo imeneyi ingakhale masentimita 20 osakwana. Sitima ya Ilala, yotalika mamita 52, pa 1:100 ingakhale masentimita 52. Opanga tigalimoto amakonda 1:18, 1:24, 1:25, 1:43 ndi 1:64. Mwana wa ku Namiasi alibe chingwe choyezera ndipo nambala izi sanazimvepo, koma diso lake limadziwa. Akaona matayala atakula kuposa chitseko amati galimotoyo “siikukhala”. Chimene akunena ndi kugwirizana kwa ziwalo: ukachepetsa tayala ka 10, uchepetsenso zenera ka 10. Woweruza wathu asafunse nambala. Aime chapatali, ayang'ane, anene ngati ndi lole ya usipa, basi kapena Land Cruiser mwini wake asanamuuze.

Komabe kufanana si kumene oweruza a IPMS amayambira, ndipo apa ambiri amadabwa. Amayamba ndi ukhondo wa ntchito. Amawerama patebulo ndi katochi kufunafuna guluu wotayikira pagalasi, msoko pamene zidutswa ziwiri zakumana, penti wodontha, chidindo cha chala pa penti wosauma. Amaona ngati matayala onse anayi akugunda pansi. Kagalimoto kokongoletsedwa ndi zinthu zambirimbiri koma tayala limodzi lili m'malere kamagwa msanga, kamene kalibe zambiri koma kosalala n'kupitirira. Chifukwa chake n'chomveka. Palibe woweruza amene amadziwa galimoto iliyonse padziko, koma aliyense angathe kuona ntchito yosasamala, ndipo oweruza atatu angagwirizane pa chimene onse akuchiona ndi maso.

Mfundo imeneyi tiitenge yonse. Galimoto ya waya ili ndi ukhondo wake. Nyamulani imodzi muitembenuze chagada. Onani pamene waya wokhuthala wa chimango wakumana ndi mnzake: katswiri amakulunga kawaya kofewa mizere yothinana, yofanana, n'kubisa kansonga mkati kuti kasabaye chala. Wothamangira kumaliza amangopota kawiri katatu, ndipo mukagwedeza mumamva kuti pali polekeza. Onani ngati mbali yakumanja ikufanana ndi yakumanzere, chifukwa kupinda mawaya awiri kuti atuluke chimodzimodzi, uli ndi mwala kapena kapulayazi kobwereka, si ntchito yamasewera. Onani malegeni ngati amangidwa molimba, onaninso matayala, kaya ndi a zitini za polishi, zitsekerero za mabotolo kapena odulidwa ku patapata wakale, ngati bowo lake lili pakati penipeni. Likaphonya pang'ono, galimoto imayenda motsimphina.

Pali chinthu chimodzi chimene oweruza a ku Telford sangatiphunzitse. Tigalimoto tawo timangokhala patebulo, ndipo oonera saloledwa n'kukhudza komwe. Yathu ndi yoyenda. Ulemu wake wonse uli pa chiwongolero. Waya wautali, nthawi zina wolowetsedwa m'bango kuti usapindike, umachoka m'manja mwa woyendetsa n'kutsikira kutsogolo kwa galimoto. Kumapeto kwake amaupinda kuti ukoke kamtanda kolumikiza matayala awiri akutsogolo, ndipo tayala lililonse limazungulira pa kamsomali kake. Mukapotoza dzanja, onse awiri amatembenukira mbali imodzi, monga zimachitikira pa galimoto ya injini. Wongoyamba kumene amapanga chophweka: mtanda wonse wakutsogolo umatembenuka pamodzi, ndipo pokhota kwambiri galimoto imagubuduka. Akatswiri amaonjeza masipuling'i opota waya pa msomali, kuti lole ikanyamula miyala itsike pang'ono, ikatsitsa ibwerere. Woweruza amene sanagwirepo chiwongolero chotere adzapatsa mphoto galimoto yonyezimira ndi mapepala a siwiti, n'kusiya ya mwana amene wamvetsa zimene amakaniko amaphunzira kugalaja.

Choncho pa mpikisano wathu payenera kukhala bwalo loyendetsera, osati tebulo lokha. Ndipo bwalolo likhale limodzi kwa onse, lodziwika pasadakhale. Aliyense wokulira kunyanja amadziwa kuti tayala lopyapyala limathamanga pamalo olimba koma limatitimira mumchenga, pamene la chitini chachikulu limayandama pamwamba. Mukasankha bwalo tsiku lomwelo, mwasankhiratu wopambana. Ku South Africa, m'tauni ya Philipstown, amachita mpikisano wothamangitsa galimoto za waya m'misewu, koma liwiro lokha lili ndi vuto lake: amene amapambana ndi miyendo ya mwana. Bwino kuika miyala yoti aizembe, kamtunda koti akwere ndi katundu woti anyamule, kuti chopimidwa chikhale galimotoyo.

Pamene chilungamo chimagona kwenikweni ndi pa magulu. Kunja kuja salola kuti chilichonse chipikisane ndi chilichonse. Amalekanitsa ana ndi akulu, sikelo yaikulu ndi yaing'ono, galimoto zampikisano ndi malole. Ali ndi gulu la amene alumikiza zidutswa za m'bokosi logula, la Tamiya kapena Revell, osaonjezapo kanthu, ndipo m'mipikisano yambiri wolowa gulu limeneli amaika pepala la malangizo la m'bokosimo pambali kuti oweruza atsimikize. Gululi linakhazikitsidwa kuti munthu wosakwanitsa kugula tizitsulo todula toonjezera asamagonje chifukwa cha thumba. Alinso ndi gulu la amene apanga chilichonse okha kuchokera pa zipangizo wamba, limene amalipatsa ulemu waukulu. Ana athu onse ali m'gulu lomalizali kuyambira tsiku loyamba.

Koma nawonso safanana zipangizo. Mwana amene bambo ake amawotcherera zitsulo pa boma amapeza waya wowongoka, pulayazi ndi penti wotsala. Wa ku Makanjira kapena kumidzi ya ku Namwera mwina ali ndi mapesi, bango, minga ndi dongo basi. Buku la ana lotchedwa Galimoto, limene Karen Lynn Williams analemba atakhalako kuno ku Malawi ndipo linatuluka mu 1990, nkhani yake yonse ndi ya mnyamata Kondi kuyendayenda tsiku lathunthu kusaka waya. Wolembayo anaona bwino: kupeza waya ndi theka la ntchito. Ndiye galimoto ya mapesi ikhale ndi gulu lake, ya dongo lake, ya waya wopindidwa ndi manja lake. Yowotcherera ndi makina isalowe pakati pa zomanga ndi malegeni. Amisiri osema tigalimoto tamatabwa togulitsa kwa alendo m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, amene ena a iwo amapanga Land Rover yotseguka zitseko, apikisane okhaokha. Zokongoletsa zogula, monga timagetsi ta batire, zisawerengedwe malikisi. Oweruza afunsenso kumene waya wachokera, pakuti mphoto isapite kwa amene wadula mpanda wa sukulu kapena nthambo za magetsi.

Nanga za achimwene zija? Lamulo la mipikisano yonse ndi loti chimene walowetsa chikhale ntchito ya manja ako. Kunja amadalira kwambiri chikumbumtima cha munthu. Ife tili ndi njira yachidule: mpatseni mwanayo kachidutswa ka waya apinde tayala ndi kumanga mfundo imodzi oweruza akuona, kenaka afotokoze mmene chiwongolero chake chimagwirira ntchito. Wopanga yekha sachedwa, zala zimayamba kuyankha pakamwa pasanatseguke. Afotokoze m'chiyankhulo chimene ali nacho momasuka. Ana ambiri a boma lino la Mangochi amaganiza m'Chiyao, ndipo si bwino kuti alephere chifukwa woweruza wafunsa m'Chingerezi.

Kukondera nako kuli ndi mankhwala odziwika. Dzina la mwini limabisidwa, pa galimoto pamangokhala nambala. Oweruza amakhala atatu kapena asanu kuti pasakhale kulingana mavoti. Amene walowetsa chake m'gulu lina saweruza gulu limenelo. Kwathu kuno, kumene aliyense ndi mbale wa wina, lamuloli likule: mphunzitsi asaweruze gulu limene muli mwana wake kapena wa mlongo wake, ndipo mwana wa amfumu kapena wa amene wapereka mphoto akalowa, pabwere oweruza ochokera kusukulu ina. Paja akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kampani ya General Motors inaliona vutoli kalekale. Kuyambira 1930 mpaka 1968 inkathandiza mpikisano wa Fisher Body Craftsman's Guild, umene anyamata a ku America ankapanga tingolo ndipo pambuyo pake tigalimoto ta sikelo ya 1:12, opambana n'kulandira ndalama zolipirira maphunziro a ku yunivesite. Mwana wa wogwira ntchito pakampaniyo akapambana, ankaperekanso mphoto ina yofanana kwa mwana wakunja. Mmodzi mwa opambana, Chuck Jordan wa mu 1947, anadzakhala mkulu wa ojambula galimoto pakampani yomweyo. Chimene sitiyenera kutengera kwa iwo n'chakuti mpikisanowo unali wa anyamata okhaokha. Mtsikana wopinda waya amasekedwa kale pamudzi, ndipo chiitano cha mpikisano chiyenera kumutchula momveka kuti nayenso akufunidwa.

Mkangano umene sunathe pakati pa opanga tigalimoto ndi wa kagawidwe ka mphoto. Ena amatsatira njira ya woyamba, wachiwiri ndi wachitatu: m'gulu lililonse opambana ndi atatu basi, ngakhale zabwino zitakhala khumi, ndipo ngakhale zonse zitakhala zosalongosoka wina amakhalabe woyamba. Ena amatsatira njira ya golide, siliva ndi bulonzi, imene chilichonse chimayezedwa ndi mulingo wolembedwa osati ndi chinzake, kotero kuti agolide angakhale asanu kapena osapezeka n'komwe. Palinso zionetsero zimene alibe oweruza, anthu obwera ndiwo amavota. Njira yomalizayi imasangalatsa, koma pamudzi ingangosanduka kuwerenga abale.

Kwa ana, ine ndili kumbali ya mulingo wolembedwa. Imafuna nthawi yambiri ndiponso mphoto zambiri, koma mphoto yake siyenera kukhala yodula: satifiketi, kope, kapulayazi. Ubwino wake ndi woti mwana amabwerera kwawo ndi pepala lomuuza kuti mfundo zako n'zolimba, chiwongolero chikukhota bwino, koma matayala akumbuyo sakufanana. Wachinayi pa njira inayo amabwerera chimanjamanja osadziwa chimene chalakwika, ndipo iye ndi makolo ake amangoti pachitika zachinyengo. Pakhalenso munthu mmodzi wosaweruza nawo amene wodandaula angapiteko tsiku lomwelo, mapepala a malikisi ali poyera.

Zonsezi sizifuna ndalama za mabungwe akunja. Zifuna bwalo la sukulu, matebulo angapo, makaniko mmodzi wa pa boma, mmisiri wa matabwa mmodzi ndi mphunzitsi wa sayansi. Zopambana zingathe kupemphedwa malo kuti anthu akazione ku Lake Malawi Museum, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Aphunzitsi aakulu a ku Mangochi, Monkey Bay ndi Malindi, pokonza tsiku loonetsa ntchito za ana chaka chino, ikanipo galimoto za waya, ndipo magulu, bwalo loyendetsera ndi kagawidwe ka malikisi muzilembe pabolodi mwezi wathunthu tsikulo lisanafike.