Mmene Zinenero za Kompyuta Zimasinthira, ndi Amene Ali ndi Mawu pa Kusinthako

Munthu akamatumiza ndalama pa foni ali pa kasitolo ka ku Kabwata, kapena namwino akamalemba mbiri ya wodwala pa kompyuta ku kiliniki ya ku Chelstone, pamakhala pulogalamu imene ikugwira nchito mseri. Pulogalamu iliyonse imalembedwa ndi anthu, ndipo amailemba m'cinenero capadera cimene kompyuta imatha kutsatira. Zinenero zotere zilipo zambiri, koma zochuka kwambiri ndi Python, JavaScript, Java, PHP ndi C++. Monga zinenero za anthu, nazonso zimasintha, ndipo nthawi ndi nthawi pamatuluka mtundu watsopano wa cinenero ciliconse. Kusinthako sikubwera kokha. Pali amene amapempha, pali amene amatsutsa, ndiponso pali kagulu kamene kamagamula. Nkhani ino ikufotokoza njira zimenezi, ndi cifukwa cake zikukhudza olemba mapulogalamu a mu Lusaka.

Cifukwa cimene amalimbirana

Mbali yatsopano ikalowa m'cinenero ca kompyuta, imakhala yovuta kuicotsa, pakuti mapulogalamu ambirimbiri amayamba kuidalira. Motero osunga cinenero amakana malingaliro ambiri kuposa amene amalandira. Wolemba mapulogalamu amafuna cida cimene cingapeputse nchito yake ya lero, pamene osunga cinenero amaganizira ophunzira a mawa ndi mapulogalamu akale amene sayenera kuwonongeka. Mikangano yambiri imagona pamenepa.

Citsanzo cinaoneka m'caka ca 2018 m'cinenero ca JavaScript, cimene cimayendetsa masamba a pa intaneti. Akatswiri anagwirizana kuwonjezera lamulo lochedwa flatten, koma poliyesa anapeza kuti likuwononga masamba akale amene anamangidwa ndi cida cochedwa MooTools. Pofuna kupulumutsa masambawo, anasintha dzina la lamulolo kukhala flat, ndipo linalowa m'mtundu wa caka ca 2019.

Njira ya Python

Python inayambitsidwa ndi a Guido van Rossum a ku Netherlands, ndipo inatuluka koyamba mu 1991. Kuyambira m'caka ca 2000, wofuna kusintha kwakukulu m'cineneroci amalemba cikalata cochedwa PEP. M'cikalatamo amafotokoza vuto limene waona, njira yolithetsera, zimene zingawonongeke, ndi njira zina zimene anaziganizira koma n'kuzisiya. Cikalata ciliconse cimapatsidwa nambala ndipo cimakambidwa poyera. Ngati wolembayo sali m'gulu la akatswiri amene ali ndi cilolezo cosintha cineneroco, amafunika kupeza mmodzi wa iwo womuimira.

Kwa zaka zambiri mawu omaliza anali a van Rossum okha. Zinthu zinasintha mu 2018 cifukwa ca PEP 572, imene inapempha cizindikiro catsopano ca := cothandiza kupatsa dzina cinthu pakati pa ciganizo. Ena anati cidzafupikitsa nchito, ena anati cidzasokoneza ophunzira. Mkanganowo unakula kwambiri kotero kuti a van Rossum, atavomereza pempholo, anatula pansi udindo wawo pa 12 Julayi 2018. Kuyambira mu 2019, cigamulo cili m'manja mwa bungwe la anthu asanu osankhidwa ndi akatswiri anzawo. Cizindikiro cija cinalowa mu Python 3.8 m'mwezi wa Okutobala 2019.

Kuyambira mu 2020 mtundu watsopano wa Python umatuluka caka ciliconse mu Okutobala. Khomo la mbali zatsopano limatsekedwa ca m'mwezi wa Meyi, ndipo miyezi yotsatira imakhala yoyesa ndi kukonza zolakwika. Wocedwa ndi lingaliro lake amayembekezera caka cina.

Njira za zinenero zina

JavaScript inalembedwa ndi a Brendan Eich mu 1995. Malamulo ake amasungidwa ndi komiti yochedwa TC39 ya bungwe la Ecma International, mmene muli nthumwi za makampani monga Google, Apple, Microsoft ndi Mozilla. Lingaliro limadutsa masitepe kucokera pa 0 kufika pa 4, ndipo limafunika nthumwi ya m'komitimo yolitsogolera. Silifika pa sitepe yomaliza kufikira litayesedwa ndi kugwira nchito m'mapulogalamu awiri osiyana oyendetsa cineneroco. Komitiyi imayendera mgwirizano wa onse, motero kukana kwa nthumwi zocepa kungaimitse nkhani. Mu 2008 mtundu wacinayi wa cineneroci unasiyidwa utakonzedwa kwa zaka, cifukwa makampani sanamvane pa kukula kwa zosinthazo.

M'cinenero ca PHP, pempho losintha cinenero limapita ku voti, ndipo limapambana likalandira magawo awiri mwa magawo atatu a mavoti. Java imatulutsa mtundu watsopano miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kuyambira mu 2018. Malamulo a C++ amakonzedwa pansi pa bungwe la miyezo la dziko lonse la ISO, ndipo kuyambira mu 2011 amatuluka zaka zitatu zilizonse. Kumeneko amavota ndi mabungwe a miyezo a maiko. Bungwe loyang'anira miyezo m'dziko lino ndi Zambia Bureau of Standards.

Nthawi zina pempho limatenga zaka zambiri. Ogwiritsa nchito cinenero ca Go, cimene mtundu wake woyamba wokhazikika unatuluka mu 2012, anapempha kwa nthawi yaitali njira yolembera lamulo limodzi logwira nchito pa mitundu yosiyanasiyana ya zinthu. Anailandira mu 2022, patapita zaka khumi.

Nkhani ya zilembo zathu

Wina angafunse kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife a kuno. Yankho loyamba lili m'zilembo. Makompyuta oyambirira anapangidwira zilembo za Cingerezi zokha. Zinenero za kuno zili ndi zilembo zina: ŵ wa m'Cinyanja ndi m'Citumbuka, monga m'dzina la Malaŵi, ŋ wa m'Cibemba, ndi ñ wa m'Cilozi. Mu Python yakale, wolemba pulogalamu sankaloledwa kuika zilembo zotere m'maina a zinthu za m'pulogalamu yake.

Mu 2007 a Martin von Löwis a ku Germany analemba PEP 3131, kupempha kuti maina azilembedwa ndi zilembo za zinenero zonse. Otsutsa anaopa kuti zilembo zofanana maonekedwe zingabise cinyengo, ndiponso kuti anthu a maiko osiyana azilephera kuwerengerana nchito. Ogwirizana nalo anati mwana wa sukulu amamva msanga akaona mawu a cinenero cake. Pempholo linavomerezedwa, koma anagwirizana kuti zida zimene zimabwera pamodzi ndi Python zisunge maina a zilembo za Cingerezi. Kusinthako kunalowa mu Python 3.0 mu Disembala 2008. Lero mphunzitsi wa ku Woodlands angalembe dzina lokhala ndi ŵ m'pulogalamu, kompyuta n'kulilandira.

Komabe si zonse zinatheka. Mawu monga ng'ombe ndi pang'ono sangakhale maina a zinthu mu Python akalembedwa ndi kacizindikiro kathu ka masiku onse, pakuti m'cineneroco kacizindikiroko kali ndi nchito ina, yotsegula ndi kutseka mawu ogwidwa.

Nkhani ya kwacha ndi ngwee

Yankho laciwiri lili m'ndalama. Kompyuta imasunga manambala pogwiritsa nchito 0 ndi 1 basi, ndipo m'njira imeneyi tizigawo tina sitikwana ndendende. Mukauza Python kapena JavaScript kuwonkhetsa 0.1 ndi 0.2 mwa njira wamba, yankho limatuluka 0.30000000000000004. Kwa wowerenga ndalama, ngwee 10 ndi ngwee 20 ziyenera kupanga ngwee 30, osapitirira. Kacolakwika kotere kakabwerezedwa m'mabuku a banki kapena a malipiro a anchito, maakaunti amalephera kugwirizana.

Amene anabweretsa yankho mu Python anali a Facundo Batista a ku Argentina. Iwo anayamba ndi kupempha njira yowerengera ndalama, koma anzawo anawalangiza kuti ayambe ndi maziko ake, ndiwo manambala osataya tizigawo. Analemba PEP 327 mu 2003, ndipo cida cochedwa decimal cinalowa mu Python 2.4 mu 2004. Nkhani yawo ikusonyeza zinthu ziwiri: munthu wa kutali ndi malikulu a makampani akuluakulu angathe kumvedwa, ndiponso lingaliro limapambana mwini wake akalola kuti lisinthidwe.

Dziko lino linaona kufunika kwa nkhani zotere pa 1 Januwale 2013, pamene Bank of Zambia inacotsa maziro atatu pa kwacha. K1,000 yakale inakhala K1, makobidi a ngwee anabwerera m'manja mwa anthu, ndipo cizindikiro ca ndalama yathu pa dziko lonse cinasintha kucoka pa ZMK kukhala ZMW. Mapulogalamu a m'mabanki ndi m'masitolo a mu Cairo Road anayenera kukonzedwa, ndipo mindandanda ya ndalama za maiko imene imabwera ndi zinenero monga Java inayenera kulandira cizindikiro catsopanoco.

Maina a miyezi ndi masiku

Zinenero monga JavaScript ndi Java zikafuna kulemba tsiku, mwezi kapena ndalama m'cinenero ca anthu, zimatenga mawuwo m'nkhokwe yochedwa CLDR, imene imasungidwa ndi bungwe la Unicode Consortium. Mawu a m'nkhokwemo amaperekedwa ndi kutsimikizidwa ndi anthu odziwa cinenero ciliconse, ena olembedwa nchito ndi makampani, ena odzipereka. Cinyanja cili ndi cizindikiro cake ca dziko lonse, ndico ny. Kuti foni ilembe Lolemba kapena Loweruka molondola, pamafunika wolankhula Cinyanja woti apereke mawuwo ndi wina wowavomereza. Iyi ndi nchito imene mphunzitsi wa cinenero angathandizane ndi wolemba mapulogalamu.

Kumene Lusaka waima

Zambia inalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kudzera mwa ZamNet, imene inabadwira pa University of Zambia, ndipo inali m'gulu la maiko oyambirira kutero kum'mwera kwa cipululu ca Sahara. Mu 2011 munakhazikitsidwa BongoHive mu Lusaka, malo okumanirapo olemba mapulogalamu ndi oyambitsa mabizinesi a zaumisiri. Gulu la Asikana Network limaphunzitsa atsikana ndi amayi luso la kompyuta. Mu 2018 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la bungwe la akatswiri a nchito zimenezi, lochedwa ICTAZ.

Mu Africa muno mawu ayamba kumveka. A Marlene Mhangami a ku Zimbabwe anasankhidwa mu 2017 kukhala m'bodi ya Python Software Foundation, ndipo anatsogolera msonkhano woyamba wa PyCon Africa ku Accra, m'dziko la Ghana, mu 2019. Bodi imeneyi siigamula za mbali zatsopano za cinenero, koma imayang'anira cuma cothandizira misonkhano ndi maphunziro, kumene akatswiri a mawa amakulira.

Zopinga zilipo. Zokambirana zimacitika m'Cingerezi caukatswiri. Ambiri mwa amene amakhala m'makomiti amalipidwa ndi makampani awo kuti acite nchitoyo, pamene wolemba mapulogalamu wa ku Kabulonga kapena ku Kabwata amaicita usiku ataweruka, ndi intaneti yogula yekha. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi pa damu la Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo nchito ya pa kompyuta inavuta kwambiri.

Mmene munthu amayambira

Akuluakulu amati pang'onopang'ono ndi mtolo. Kawirikawiri amene amamvedwa pa nkhani zazikulu ndi amene anayamba ndi zazing'ono. Njira yoyamba ndi kuyesa mtundu watsopano usanatuluke, pa mapulogalamu enieni a kuno, ndi kupereka lipoti lomveka bwino la cimene calakwika. Yaciwiri ndi kukonza malangizo olembedwa kapena kuwamasulira. Yacitatu ndi kuwerenga zikalata za malingaliro amene anakanidwa kale, pakuti zambiri zimene munthu amaziona ngati zatsopano zinakambidwa zaka zapitazo, ndipo zifukwa zokanira zinalembedwa.

Wobweretsa lingaliro amamvedwa msanga akasonyeza vuto lenileni, anthu amene likuwavuta, ndi citsanzo cogwira nchito cimene ena angayese. Kudandaula kokha sikusuntha komiti. Olemba mapulogalamu a mu Lusaka ali ndi zitsanzo zimene anzawo a ku maiko ena sazidziwa: mafoni otsika mtengo, netiweki yodukaduka, ndalama zoyenda pa foni, ndi anthu olankhula zinenero zingapo m'nyumba imodzi. Zimenezi zikapanda kuchulidwa pamene mtundu watsopano ukukonzedwa, cinenero cimatuluka cokwanira zosowa za ena, ndipo a kuno amatsala ndi nchito yocigamba.