Mabanja ogoneka alendo ku Chembe: mbiri ya maresitihausi a ku Cape Maclear

Alendo akale amene anafika ku Cape Maclear ndi mapulani akuluakulu sanakhalitseko. Oyamba anali amishoni a mpingo wa Free Church of Scotland, amene anakocheza padooko limeneli mu Okutobala 1875 pa sitima yawo ya Ilala, motsogozedwa ndi E.D. Young pamodzi ndi Dr Robert Laws. Mfumu Mponda inawalola kumanga, ndipo malowo anawatcha Livingstonia. Dzina loti Cape Maclear linali litaperekedwa kale ndi David Livingstone polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Malungo sanawachitire chisoni amishoniwo. Ena mwa iwo anagona m'manda amene alipobe mpaka lero, ndipo mu 1881 otsalawo anasamukira ku Bandawe atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe.

Achiwiri anatsika kuchokera m'mwamba. Cha kumapeto kwa 1949, ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinayamba kuima pa Cape Maclear paulendo wochokera ku Southampton kupita ku Johannesburg, ndipo panali hotela yoti apaulendowo azigonamo. Chimenecho chinali chaka cha njala yoopsa ija kummwera kwa Nyasaland, choncho mutha kuganiza nokha mmene asodzi ankaonera azungu ovala masuti akutsika m'ndege kukadya chakudya chamadzulo. Chaka cha 1950 chisanathe ndegezo zinasiya kubwera, hotelayo n'kusowa woigonamo.

Anthu a m'mudzi wa Chembe, m'dera la Mfumu Yaikulu Nankumba m'boma la Mangochi, anangopitiriza zawo: kusema mabwato, kusoka maukonde, kuyanika usipa ndi utaka pamathandala. Mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park pofuna kuteteza mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Chembe, pamodzi ndi midzi monga Msaka ndi Mvunguti, inapezeka yazunguliridwa ndi paki. Mapiri amene anthu ankatolako nkhuni momasuka anasanduka a chilolezo, ndipo malo olima anachepa pamene anthu ankachuluka. Banja lofuna ndalama ina pambali pa ya nsomba linalibe kolowera kwambiri.

Ndiye kunabwera alendo amene panalibe anawakonzera. Anali achinyamata a ku Ulaya, Australia ndi South Africa, chikwama kumsana, ndalama zochepa m'thumba koma nthawi yambirimbiri. Ena ankafika pa malole akuluakulu oyenda kuchokera ku Nairobi kupita ku Harare, ena ankatsika basi ku Monkey Bay n'kukwera matola pamsewu wafumbi wodutsa m'mapiri. Boma la Kamuzu silinkawakonda kwenikweni. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa asanalowe m'dziko. Koma nthawi imeneyo gombe la Mozambique linali pankhondo, imene inatha mu 1992, pamene South Africa inali yosalidwa chifukwa cha tsankho. Wofuna mchenga, madzi oyera ndi mtendere pamtengo wotsika ankapezeka ali ku Chembe.

Anthu amenewa sankafuna hotela. Ankafuna pogona, pobisalira dzuwa ndi chakudya chotentha, ndipo zimenezi banja la m'mudzi linkatha kupereka popanda kukongola kubanki. Umu ndi mmene maresitihausi a mabanja anayambira: tizipinda tingapo ta njerwa moyang'anana ndi nyanja, bedi, neti yoteteza udzudzu, nyali ya parafini, chimbudzi chokumba kuseri, ndi khonde la udzu pamene alendo ankakhala tsiku lonse. Ntchito inkagawidwa ngati mmene imagawidwira pakhomo lililonse. Mayi ndi ana aakazi ankagwira khichini, kutunga madzi ndi kuchapa zofunda. Mwana amene anapondako kusekondale ndiye ankalandira alendo, chifukwa cha Chingerezi, n'kumasunga buku lolembamo mayina ndi ngongole za zakumwa. Abambo ndi anyamata ankapalasa bwato kupita ndi alendo kuchilumba cha Thumbi, kukawaonetsa mbuna, kuwaotchera kampango pamiyala, ndi kuponyera nkhwazi nsomba kuti itsike alendowo ajambule. Kutsatsa malonda kunalibe. Mlendo ankauza mnzake pamene akumana m'basi, ndipo dzina la resitihausi likangolowa m'buku la apaulendo la Lonely Planet, zipinda zinkadzaza zokha.

Mphamvu ya bizinesi yotere ndi yoti simalipira anthu ambiri. Miyezi ya mvula, alendo akachepa, palibe wantchito wodikira malipiro; banja limangobwerera ku ukonde ndi kumunda. Koma kufooka kwake kuli pomwepo. Ndalama ya chipinda cha nambala 3 ndi yomweyo yolipirira fizi, yogulira bokosi la maliro a azakhali, yokonzera injini ya boti. Denga likayamba kudontha, m'thumba mumapezeka mulibe kanthu. Ndipo mwini wake akamwalira, pamabuka funso limene lagwetsa mabizinesi ambiri a Amalawi: malowa ndi a yani? Kuno ndi kwa anthu otsata mtundu kuchikazi, kumene malo amayendera kwa mayi, pamene lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana. Mlandu ukamazengedwa kwa amfumu, chiswe chimakhala chili pantchito.

Zaka za m'ma 1990 zinabweretsa chimwemwe ndi mavuto nthawi imodzi. Lamulo la kavalidwe linachotsedwa mu 1993, alendo n'kuchuluka. Koma mu 1992 achinyamata awiri a ku America a bungwe la Peace Corps anadwala likodzo loopsa, lofika mu ubongo ndi mumsana, atasambira pa Cape Maclear, ndipo kafukufuku wa madokotala a ku America anatsimikiza kuti matendawa analipodi m'madzi a m'nyanja. Asayansi ena, monga Jay Stauffer, anadzaonetsa kuti nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka pamene nsomba zodya nkhonozo zinachepa chifukwa cha usodzi wa makoka m'mbali mwa gombe. Nkhaniyi ndi yowawa poiganizira, chifukwa khoka limene linkadyetsa banja ndi lomwelo limene linkathamangitsa alendo a banjalo. Mankhwala a praziquantel ndi otsika mtengo ndipo amachiza, koma mbiri yoipa ilibe mankhwala. Panawonjezekeranso mbiri ya chamba, ya kuba, ndi ya anyamata otsatira mlendo paliponse kumugulitsa zosemasema ndi maulendo a boti mpaka kumutopetsa. Nthawi yomweyo Mozambique inatsegula magombe ake a Tofo ndi Vilankulo, ndipo m'dziko momwe muno ambiri anayamba kulunjika ku Nkhata Bay.

Pamene mabanja ankavutika, anthu obwera, ambiri a ku South Africa ndi ku Ulaya, anayamba kutenga malo a m'mphepete mwa madzi n'kumanga maloji okhala ndi zimbudzi zamadzi, mafiriji, maboti a injini ndi zipangizo zosambirira pansi pa nyanja. Sitinganene kuti anangobwera kudzalanda. Analemba anthu ntchito, anaphunzitsa ophika ndi operekera zakudya, ndipo anabwezeretsa dzina la Cape Maclear pamene linali litagwa. Chipatala cha Billy Riordan, chimene chinatsegulidwa mu 2004 ndi thandizo lochokera ku Ireland, chinabweretsanso madokotala ndi anamwino ongodzipereka amene ankadya ndi kugona m'mudzimo. Komabe pamene ine ndikuona kuti mbiriyi inakhotera ndi pa nkhani ya malo. Banja lokhala ndi mchenga patsogolo pa nyumba likapatsidwa ndalama imene silinaigwirepo chibadwire, n'zovuta kukana. Ndalamayo imatha m'zaka zochepa, koma mpanda wa bango umene wamangidwa pamalopo sugwa. Wogulitsayo amasamukira kuseri kwa msewu, kumene chipinda sichingagulidwe mtengo wofanana ndi cha kugombe, kaya chikhale chaukhondo chotani. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola banja kulembetsa malo ake m'kaundula, koma linafika malo ambiri abwino atapita kale.

Foni ya m'manja inasinthanso zonse. Mlendo wa lero safika n'kumayenda khomo ndi khomo kufunsa chipinda. Amasankhiratu pa intaneti ali ku Berlin, atayang'ana zithunzi ndi zimene anzake analemba. Resitihausi yosaoneka pa Booking.com kapena pa Facebook ili ngati kulibe, ndipo makampani monga Booking.com amadula gawo lawo pa chipinda chilichonse chogulidwa kudzera mwa iwo. Apa mwana wodziwa kujambula bwino ndi kuyankha WhatsApp usiku watenga udindo umene kale unali wa mwana wodziwa Chingerezi. Zina zimagamulidwa ku Lilongwe. Mu Okutobala 2015 boma linayamba kulipiritsa alendo ochokera m'maiko ambiri madola 75 a viza, ndalama yosaoneka kwa wogona kuloji yapamwamba koma yokwanira masiku angapo kwa wa chikwama kumsana, amene ndiye kasitomala wa mabanja. Viza imeneyi inachotsedwa kwa maiko 79 mu Febuluwale 2024.

Mu Epulo 2020 mliri wa Covid-19 unaimitsa ndege, azungu n'kuzimiririka kwa miyezi yambiri. Amene anapulumutsa maresitihausi ndi Amalawi eniake: mabanja a ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, magulu a kumpingo, ana asukulu, ogwira ntchito m'mabungwe, ndi chinamtindi cha anthu chimene chimatsikira kunyanja pa Khirisimasi, pa Pasaka ndi pa tsiku la anakubala, pa 15 Okutobala. Mlendo wa kwathu ali ndi zofuna zake. Safuna nyali ya parafini, poti anakulira nayo. Amafuna chipinda cha bafa mkati, poimika galimoto, chakumwa chozizira, nsima ya chambo yokhuta, ndi nyimbo mpaka usiku, zimene mzungu wa chipinda choyandikana naye amadandaula nazo m'mawa. Amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, amanenerera mtengo, amabwera Lachisanu n'kubwerera Lamulungu. Kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi zipinda zimakhala zotseka.

Kenako nyanja nayo inalowererapo. Mvula itagwa yochuluka, kuphatikizapo ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, madzi anakwera, ndipo pofika 2024 anafika pamene sanafikepo kwa zaka zambiri. M'magombe a Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay mchenga unamira, mipanda inagwa, madzi n'kulowa m'mabala ndi m'zipinda zoyandikira gombe. Zimenezi zinachitika kwacha itangotsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zitakwera mtengo. Mwini loji wokhala ndi lizi komanso akaunti ya madola ali ndi poyambira. Banja limene malo ake sanalembetsedwe silingawapereke chikole kubanki, choncho limamanganso khoma limodzi chaka chino, lina chaka chamawa, ndi ndalama ya usipa kapena yotumizidwa ndi mwana amene ali ku Joni.