Chidindo cha pa Thumba la Makalata

Kale m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi uthenga unkayenda pakamwa. Mfumu ikafuna kutumiza mawu kwa mfumu inzake, inkasankha mthenga wokhulupirika, pakuti mawu opita ndi munthu wabodza amafika atapotoka.

Kulemba kalata kunadza ndi amishoni, amene anakhazika Mvera mu 1889 ndi Kongwe mu 1894. Boma la Azungu linayamba ntchito ya positi mu 1891. Amtengatenga ankayenda pansi maulendo aatali atasenza matumba. Thumba linkamangidwa pakamwa ndi kuikidwa chidindo, ndipo wolandira akapeza chidindocho chitathyoka ankadziwa kuti wina wapisamo dzanja. Amuna atayamba kupita ku Joni ndi ku Halale, mabanja a ku Mponela anadalira matumba amenewo kuti alandire mawu ndi ndalama.

Koma chidindo sichinatchinge zonse. M'zaka za chipani chimodzi, kuyambira 1966 kufikira 1993, aboma ankatsegula makalata ena, ndipo anthu anaphunzira kulemba mochenjera.

Kalata ya pa kompyuta, yotchedwa imelo, inayamba kuyenda m'Malawi ku Chancellor College, ku Zomba, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kalata yotereyi ilibe thumba. Imafikira pa makina otchedwa seva, amene ali ngati positi ofesi ya kampani, ndipo imakhala pamenepo kufikira mwini wake ataitsegula ndi mawu achinsinsi.

Mbala nazo zinalondola njira yatsopanoyi. Chifukwa chake mu 2016 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act lolanga olowa m'makompyuta a eni. Komabe mu 2024 makina opangira mapasipoti anaima kwa milungu ingapo. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbala zinalowa m'makinawo ndipo zinkafuna dipo. Ambiri ofuna kupita kunja kukagwira ntchito anasowa mtengo wogwira.

Tsono wosunga seva ali ndi udindo umene unali ndi mkulu wa positi kale. Amatseka makomo onse a makina amene sagwira ntchito. Amaika mapulogalamu atsopano otseka ming'alu imene mbala zatulukira. Amasokoneza malemba a kalata pamene ili panjira, kuti woigwira asaiwerenge. Amasunganso makalata onse pamalo achiwiri, kuti seva ikawonongeka ntchito isafe. Wantchito akachoka pakampani, mawu ake achinsinsi amafafanizidwa tsiku lomwelo.

Koma makina satha kugwira bodza lililonse. Wamalonda a soya kapena fodya ku Mponela akalandira imelo yonena kuti atumize ndalama ku akaunti yatsopano, ayenera kuyamba waimba lamya kwa mwini kalatayo, monga mfumu yakale inkayamba yazindikira nkhope ya mthenga isanamve mawu ake.