Malo Ochitira Misonkhano m'Mizinda ndi Ndondomeko Yosonkhanitsira Anthu

Dziko la Malawi lili ndi mizinda inayi, Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, ndipo uliwonse uli ndi khonsolo yake. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzinda wa Lilongwe, 800,264 mu Blantyre, 221,272 mu Mzuzu ndi 105,013 mu Zomba. Ambiri mwa anthuwa anachokera m'maboma osiyanasiyana, kotero alibe bwalo limodzi la mfumu lowasonkhanitsa ngati kumudzi. Nkhani za msika, madzi, zinyalala, misewu ndi chitetezo zimakambidwa m'maholo, m'mabwalo a zamasewero, m'makalasi a sukulu ndi m'nyumba zopempherera. Amene sadziwa kumene nkhanizi zimakambidwa amangomva zitatha kuti mtengo wa chiphaso cha pamsika wakwera kapena kuti malo amene amagulitsirapo asamutsidwa.

Malo odziwika ndi monga bwalo la Community Centre mu Lilongwe, bwalo la Masintha ku Kawale, Kamuzu Institute for Sports ku Area 17, bwalo la Njamba ndi Blantyre Youth Centre mu Blantyre, bwalo la Community Centre ku Zomba komanso bwalo la Katoto ku Mzuzu. Ku Chichiri kuli malo a chionetsero cha zamalonda, kumene bungwe la Malawi Confederation of Chambers of Commerce and Industry limachititsa chionetsero cha zamalonda cha maiko osiyanasiyana ndi chionetsero cha zaulimi. Kumeneko magulu a alimi amakumana maso ndi maso ndi ogula mbewu komanso ogulitsa zipangizo zaulimi. Malo onsewa sali m'manja mwa mwini mmodzi: ena ndi a khonsolo, ena ndi a nthambi za boma, ena ndi a mabungwe. Choyamba kwa wofuna malo n'kufufuza mwini wake weniweni, chifukwa mlonda wa pageti kapena tcheyamani wa timu yosewera pabwalopo alibe mphamvu zobwereketsa malo a khonsolo.

Pempho la malo limayenera kukhala lolembedwa, lotchula tsiku, nthawi, cholinga ndi chiwerengero cha anthu oyembekezeka. Ndalama zilipiridwe ku ofesi, wolipira alandire lisiti yokhala ndi chidindo. Loweruka maholo ambiri amakhala otanganidwa ndi zinkhoswe ndi maukwati, makamaka miyezi ya chilimwe, choncho gulu la alimi kapena la banki mkhonde lofuna malo otsika mtengo limachita bwino kusankha tsiku la mkati mwa sabata. Amene akonza zoimbaimba zolipiritsa pakhomo aonanenso ndi bungwe la COSOMA, lomwe limayang'anira za umwini wa nyimbo. Zimbudzi ndi madzi osamba m'manja si nkhani yoiwala. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unachititsa kuti sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zichedwe kutsegulidwa mu Januwale 2023, ndipo mu Marichi 2020 boma linaletsa misonkhano ya anthu oposa 100 chifukwa cha Covid-19. Pa nthawi ya mliri, malangizo a zaumoyo amatha kusintha ndondomeko ya mwambo ngakhale malo atalipiridwa kale.

Misonkhano imene imakhudza kwambiri thumba la wamalonda ndi ya khonsolo. Mphamvu za makhonsolo zimachokera m'Malamulo oyendetsera dziko lino ndi m'lamulo la maboma aang'ono la mu 1998, chaka chimene boma linakhazikitsanso ndondomeko ya mphamvu ku anthu. Makhansala anasankhidwa mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala popanda makhansala mpaka chisankho cha pa 20 Meyi 2014. Zaka zisanu ndi zinayi ndi zambiri, ndipo n'kutheka kuti anthu ena a m'tauni anazolowera m'nyengo imeneyo kuganiza kuti za khonsolo ndi za ogwira ntchito ku ofesi basi. Lero wodi iliyonse imasankha khansala wake. Mawodi anali 462 m'dziko lonse pa zisankho za 2014 ndi 2019, ndipo anafika 509 pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025. Makhansala a mu mzinda amasankha pakati pawo mfumu ya mzinda ndi wachiwiri wake, pomwe ntchito za tsiku ndi tsiku zimayendetsedwa ndi mkulu wa khonsolo, amene ndi wolembedwa ntchito.

Msonkhano wa khonsolo yonse ndi umene umavomereza ndondomeko ya zachuma ya mzinda, malamulo aang'ono, misonkho ya malo ndi nyumba, komanso mitengo ya ziphaso za malonda. Anthu wamba ndi atolankhani amaloledwa kukhala nawo n'kumvetsera, ngakhale kuti sayankhula kapena kuvota. Choncho dandaulo liyenera kuyambira pansi, ku komiti ya chitukuko ya m'wodi kapena ku komiti ya msika, kuti khansala alitengere ku komiti yoyenera ya khonsolo nkhani isanafike povota. Dandaulo lofika pa tsiku la msonkhano waukulu limakhala litachedwa kale. M'madera ambiri uthenga wa misonkhano ya m'wodi umadzera mwa atsogoleri a m'mabuloko, amene anthu amawatchula kuti mafumu a m'tauni, ndiponso pa zinkuzamawu, m'mipingo, m'mizikiti ndi m'magulu a WhatsApp. Mlimi wa kunja kwa mzinda amene amabweretsa tomato, kabichi kapena mbatata ku msika wa m'tauni alibe khansala mu mzindamo, koma malamulo a msika amamukhudza chimodzimodzi. Njira yake ndi komiti ya msika, ndipo n'kofunika kuti adziwe amene ali m'komitiyo ndi masiku amene imakumana.

Misonkhano ya pabwalo, ndawala ndi zionetsero zili ndi ndondomeko yakeyake. Gawo 38 la Malamulo oyendetsera dziko lino limapereka kwa munthu aliyense ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero pamodzi ndi ena mwamtendere komanso popanda zida. Lamulo la apolisi la mu 2010 limafotokoza njira yake: wotsogolera apereke chidziwitso cholembedwa kwa bwanamkubwa, ndi kope lake kwa mkulu wa polisi ya deralo, kutatsala maola osachepera 48 ndiponso masiku osaposa 14. Mawu oti chidziwitso ndi ofunika kuwamvetsa. Lamulo silinena zopempha chilolezo, limanena zodziwitsa akuluakulu kuti akonze za chitetezo ndi kayendedwe ka magalimoto. Popeza misewu ndi mabwalo ambiri a mu mzinda ali pansi pa khonsolo, okonza mwambo amalemberanso mkulu wa khonsolo ya mzindawo.

M'chidziwitsomo mumalembedwa dzina la wotsogolera ndi wachiwiri wake, bungwe limene akuliimira, cholinga, tsiku, nthawi yoyambira ndi yomalizira, malo, chiwerengero cha anthu oyembekezeka ndi cha anthu osungitsa bata. Ngati padzakhala kuyenda pamsewu, misewu yake itchulidwe, ndipo ngati pali chikalata cha madandaulo, atchulidwenso amene akachilandire. Bwanamkubwa akhoza kuitana okonza mwambo ndi apolisi kuti akambirane zosintha msewu, nthawi kapena tsiku, ndipo amene sanakhutire ndi chigamulo chake ali ndi ufulu wopita ku bwalo lalikulu la milandu. Kusonkhana pamalo osakwana mamita 100 kuchokera ku nyumba ya boma, Nyumba ya Malamulo kapena bwalo la milandu kumafuna chilolezo chapadera. Lamuloli limanenanso kuti katundu akaonongeka chifukwa cha chipwirikiti chochokera pa msonkhanowo, okonza mwambo akhoza kuimbidwa mlandu wolipira. Mfundo imeneyi imakhudza amalonda mbali ziwiri: ndiwo amene mashopu ndi mabenchi awo amaonongeka, komanso nthawi zina ndiwo amene amakhala atsogoleri a zionetsero zokhudza malo ogulitsirapo. Tcheyamani wa mavenda amene wasaina chidziwitso amasenza udindo umenewo m'dzina lake.

Chaka cha zachuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Marichi, kuyambira mu 2022. Izi zikutanthauza kuti mitengo ya ziphaso ndi ntchito zachitukuko za chaka chotsatira zimakambidwa miyezi ya dzinja, nthawi imene alimi ali kalikiliki kumunda ndipo misonkhano ya panja imasokonezedwa ndi mvula. Gulu limene silingathe kufika lonse litume nthumwi ziwiri kapena zitatu zitanyamula mfundo zolembedwa, ndipo lisunge kope losainidwa ndi amene walandira. Amene akufuna kuona zimene zinagwirizanidwa angathe kulembera khonsolo kupempha mfundo za msonkhano kapena ndondomeko ya zachuma, potsatira lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani ku maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020.