Zipewa za Mapiko za ku Hangzhou

Mu Epulo 2020, sukulu zomwe zinatsekedwa chifukwa cha COVID-19 zitatsegulidwanso ku Hangzhou m'dziko la China, ana a pa pulayimale ya Yangzheng analowa m'kalasi atavala zipewa za mapiko aatali uku ndi uku, zopangira kunyumba ndi makatoni, timitengo ndi mabaluni. Cholinga chinali chakuti pakati pa mwana ndi mnzake pazikhala mita imodzi. Ambiri anangoseka, koma ine ndikuti nzeruyi inali yakupsa, ndipo mizu yake ili m'mbiri ya mzindawo.

Hangzhou, imene kale inkatchedwa Lin'an, inali likulu la mafumu a Song atasamukira kum'mwera. Mu ufumu umenewo, kuyambira 960 mpaka 1279, nduna zinkavala chipewa chakuda cha mapiko owongoka. Kale, m'nthawi ya mafumu a Tang, chipewachi chinali nsalu chabe yomanga kumutu, nsonga zake zikulendewera kumbuyo. Pang'onopang'ono nsongazo anazilimbitsa mpaka zinatambasuka. Anthu amati Taizu, mfumu ya Song, ndiye analamula mapikowo kuti nduna zileke kunong'onezana pabwalo. Akatswiri a mbiri amakayika, ndipo sakulakwa: nkhaniyo inalembedwa mfumuyo itamwalira kalekale, komanso pa chithunzi chake Taizu mwiniwake wavala chipewa chomwecho. Komatu nthano ikakhazikika m'mitima imagwira ntchito yake. Makolo a ku Hangzhou ataona ana awo atavala zipewazo, sanaone lamulo lachilendo la achipatala. Anaona chovala cha makolo akale chomwe amachidziwa kale kuti n'chotalikirana.

Wina anganene kuti katoni satchinga kachilombo, makamaka poti zinadzadziwika kuti COVID-19 imafala mumpweya wa m'chipinda chotseka. N'zoona, ndipo anawo ankavalanso zophimba pakamwa. Chipewacho sichinali chishango ayi, chinali muyeso. Mwana wa zaka 7 ukamuuza kuti atalikirane ndi mnzake mita imodzi, angokuyang'ana. Koma phiko lake likakhudza la mnzake, amabwerera yekha, akuseka, mphunzitsi osakalipa. Kumeneku ndiye kuphunzitsa mwana wamantha popanda kumuwonjezera mantha. Ndipo poti chipewacho anachipanga yekha pamodzi ndi a kunyumba, lamulolo linalowanso m'banja. Patangopita milungu ingapo, Cafe Rothe ya ku Schwerin, ku Germany, inaveka makasitomala ake zipewa zomangirira timachubu tosambirira, ngakhale kumeneko kunalibe nthano ya nduna yoti ichirikize.