Mafilimu a oimba jazi ndi mankhwala osokoneza bongo

Awa ndi mafilimu osimba moyo wa akatswiri a jazi, makamaka a ku America, amene anamwerekera ndi heroin kapena mowa. Otchuka kwambiri ndi awa. Lady Sings the Blues ya 1972, momwe Diana Ross anasewera ngati Billie Holiday. Holiday anamangidwa mu 1947 chifukwa cha mankhwala, ndipo anamwalira mu 1959 ali ndi zaka 44. Bird ya 1988, yokonzedwa ndi Clint Eastwood, ikusimba za Charlie Parker, woimba saxophone amene anamwalira mu 1955 ali ndi zaka 34. Forest Whitaker, yemwe anasewera ngati Parker, analandira mphoto ku Cannes. Born to Be Blue ya 2015 ikukamba za Chet Baker, woimba lipenga.

Mafilimuwa amaonetsa ntchito ya usiku m'malo omwera mowa, maulendo osatha, ndi tsankho lomwe oimba akuda ankakumana nalo. Ngozi yake ndi yakuti woonera angaganize kuti luso linkachokera ku mankhwala. Zoona n'zakuti mankhwala anawononga thanzi ndi mabanja, pamene luso linabwera ndi kuphunzira mwakhama.